MAKINA OKWERAPO OCHECHERA UDZU NDI MATOPE A DZINJA

Nkhani yokambidwa kwa alimi a m'madimba ndi anyamata osamala mabwalo a ku Mtendere, m'Lusaka

Akuru akale anati, "Walira mvula walira matope." Anthu a ku Mtendere safuna munthu wowamasulira mwambi umenewu. Caka ndi caka, kuyambira Novembala kufikira Epulo, m'Lusaka mumagwa mvula yokwanira mamilimita ngati 800, ndipo yocuruka imagwa m'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Imeneyi ndiyo nyengo imene udzu umakula usana ndi usiku. Ndiyonso nyengo imene munthu wa cikwakwa sagona ndi njala, pakuti masukulu, machalichi, mabwalo a mpira ndi nyumba zazikuru za ku Kabulonga, Woodlands ndi Ibex Hill zonse zimafuna munthu wochecha.

Kuyambira pamene komboni ya Mtendere inakhazikitsidwa, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, amuna ambiri a kumeneko akhala akudyetsa ana ao ndi nchito yosamala maluwa ndi kapinga m'nyumba za m'madera oyandikana nao. Nchito ya cikwakwa iri yowawa msana. Cotero sikodabwitsa ngati mnyamata alingalira zogula makina okwerapo, amene munthu amachecha nao udzu ali cikhalire monga woyendetsa thirakitala. Njira yopezera ndarama iriponso, pakuti m'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la thumbalo linapatulidwa kuti lithandize magulu a acinyamata ndi a amai, mwina mwa mphatso, mwina mwa ngongole.

Koma ngongole iribe cisoni. Makina akaima, ngongole siima. Cifukwa cace nkhani ya lero iri ya mtundu umodzi wa makina amenewa, umene umakopa anthu cifukwa ca kucepa kwa mtengo wace, makamaka ukakhala wogwirapo kale nchito. Ogulitsa amaucha friction drive, ndiko kunena kuti makinawo amayenda mwa kukhulana kwa mpira ndi citsulo. M'nkhani muno achedwa makina a mbale. Funso liri lakuti: kodi makina a mbale angayende m'matope? Yankho lace mwacidule ndi ili: pa bwalo louma ndi losalala amagwira nchito yabwino, pa dothi lonyowa pang'ono amayesako, koma m'matope enieni amalephera. Zifukwa zace ziyenera kumveka bwino munthu asanaturutse ndarama.

KUMENE MAKINAWA ANACOKERA

Makina oyamba ochechera kapinga anapangidwa ku England m'caka ca 1830 ndi munthu wina dzina lace Edwin Budding, ndipo anali okankha ndi manja. Pambuyo pace anthu anaikamo injini ndi mpando. M'caka ca 1962 kampani ya Snapper, ya ku McDonough m'cigawo ca Georgia ku America, inaturutsa makina ang'ono okwerapo okhala ndi injini kumbuyo kwa mpando, oyenda ndi mbale. Makina amenewa anachuka kwambiri m'dzikomo, ndipo mpaka lero anthu akachula makina a mbale ambiri amakumbukira dzina limeneli.

Cofunika kukumbukira ndi cakuti anthu amene anapanga makinawa anali kuganizira za mabwalo a pakhomo, okonzedwa bwino, amene amachechedwa sabata ndi sabata udzu usanatalike. Sanali kuganizira za dambo, kapena za njira za dothi za m'komboni m'mwezi wa Januwale.

MOMWE MAKINA A MBALE AMAYENDERA

Ali yense amene anakhalapo ndi njinga ya nyali ya dainamo angamvetse msanga. Kamutu ka dainamo kamatsamira pa tayala, ndipo tayala likazungulira nakonso kamazungulira, nyali niyaka. Palibe mano ogwirana, palibe cheni. Cimene cimagwira nchito ndi kukhulana kokha.

Makina a mbale ali cimodzimodzi. Kunsi kwa injini kuli mbale ya citsulo yosalala imene imazungulira injini ikalira. Pa mbaleyo pamatsamira kagudumu kokhala ndi mpira m'mphepete mwace, ndipo sipuling'i imakakanikiza kuti kagwire zolimba. Kagudumuko kakazungulira, mphamvu imapita ndi macheni kufika ku magudumu a kumbuyo. Woyendetsa akafuna kuyenda pang'onopang'ono amasendeza kagudumu kufupi ndi pakati pa mbale. Akafuna liwiro amakasendeza ca kumphepete, pakuti mphepete mwa mbale mumayenda ulendo wautali pa kuzungulira kumodzi kuposa pakati. Kagudumu kakadutsa pakati kupita mbali yina, makina amabwerera m'mbuyo. Makina ambiri a Snapper ali ndi maliwiro 5 a kutsogolo ndi limodzi la m'mbuyo.

Nzeru imeneyi iri ndi ubwino wace, ndipo suyenera kubisidwa. Zitsulo zace ndi zowerengeka, cotero makanika wa njinga zamoto angathe kuzimvetsa tsiku limodzi. Kagudumu ka mpira kakatha, kusintha kwace sikubvuta ndipo mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi bokosi la magiya. Makina akagunda citsa, mpira umaterereka m'malo mwakuti macheni aduke. Ndiponso popeza injini ndi munthu ali pamwamba pa magudumu a kumbuyo, kulemera kwao kumathandiza matayala kugwira pansi.

BVUTO LOYAMBA: MADZI PA MBALE

Mwini njinga ya dainamo adziwa cimene cimacitika usiku wa mvula. Tayala likanyowa ndi kupaka matope, kamutu kaja kamangoterereka, nyali niyamba kuphethira, kenaka nizima pa nthawi yeniyeni imene munthu afuna kuona njira. Njinga zamoto za VéloSoleX, zimene zinayamba kugulitsidwa ku France m'caka ca 1946, zinali kuyenda ndi kagudumu kotsamira pa tayala la kutsogolo, ndipo eni ace anali kudandaula za bvuto lomweli pa mvula.

Pa makina a mbale, malo amene mpira umakhudzana ndi citsulo ndi ang'ono ngati cala cacikuru ca kumanja. Mphamvu yonse yonyamula makina ndi munthu wace imadzera pa kamalo kameneko. Tsono mbale iri kunsi kwa injini, kufupi ndi nthaka, pakati pa magudumu awiri amene amawaza madzi. Madzi akangofika pa mbale, injini imalira monga mwa masiku onse koma makina sasuntha. Madzi oyera amauma msanga ndi kutentha, makina nayambanso kuyenda. Matope ndiwo oipa koposa, pakuti dongo limaterera ngati sopo, ndipo mcenga uli m'katimo umapala mpira monga tupa.

Pali cinthu cina cimene oyendetsa magalimoto ayenera kucimvetsa. Lole ikatitimira, woyendetsa amaika giya yoyamba ndipo mphamvu yokoka imawonjezeka kwambiri, cifukwa mano a magiya amalumana ndipo sangaterereke. Pa makina a mbale siziri conco. Mphamvu yokoka singapose kugwira kwa mpira pa citsulo, ngakhale injini ikhale yaikuru cotani. Kuika liwiro loyamba kumathandiza pang'ono cabe, ndipo mpira ukakhala kufupi ndi pakati pa mbale umapekeseka kwambiri. Munthu akaumirira kuonjezera moto makina ataima, mbale imazungulira pa malo amodzi a mpira, mpirawo nupsa, nukhala ndi dazi. Kuyambira pamenepo makina amayenda modumphadumpha ngakhale pouma. Kagudumu kamene kakadatha zaka kangathe kuonongeka mphindi zowerengeka.

Ici ndico cifukwa cace magalimoto a mtundu umenewu anatha. M'zaka zoyamba za m'ma 1900 ku America kunali magalimoto a Lambert, Cartercar ndi Metz amene anali kuyenda ndi mbale. Magalimoto atayamba kulemera ndi kukhala ndi injini zamphamvu, opanga anaona kuti magiya ndiwo angasenze katunduyo.

BVUTO LACIWIRI: MATAYALA

Ngakhale mbale ikhale youma, matope amagwira makina pena. Matayala a makina ochechera anapangidwa ndi mizere yosazama, dala, kuti asakumbe kapinga. M'matope mizereyo imadzaza pa kuzungulira kumodzi, tayala nilikhala losalala ngati dzira.

Ndiponso pakati pa magudumu a kumbuyo pali cipangizo cimene amakanika amacicha difu, cimene cimalola gudumu limodzi kuthamanga kuposa linzace pokhota. Pa bwalo louma cipangizoci ndi cabwino. Koma gudumu limodzi likalowa m'thope, lokhalo ndilo limazungulira ndi kudzikumbira dzenje, pamene linzace, limene liri pouma, langoima.

Wina anganene kuti, "Nanga kuikako matayala akuru a mano, onga a thirakitala?" Matayala otere amagwiradi pansi. Koma tayala likakula ndi kugwira kwambiri, katundu yense amabwerera pa kamalo kaja konga cala, ndipo mpira ndiwo umagonja. Munthu wathetsa bvuto la pansi, nakulitsa bvuto la pa mbale.

BVUTO LACITATU: MIMBA YA MAKINA

Pakati pa makina, kunsi kwa mapazi a woyendetsa, pali cibvundikiro conga beseni lobvundikira, m'mene mumazungulira mpeni. Beseni limeneli liri pafupi kwambiri ndi nthaka. Matayala akamira pang'ono cabe, beseni limakhala pansi, makina nagona ndi mimba monga ng'ona, magudumu nangozungulira m'mwamba.

Udzu wonyowa nawonso sudulika bwino. Umagona pansi mpeni ukamadza, ndipo wodulidwawo umamatirira m'beseni pamodzi ndi dothi, nuletsa mpeni kuzungulira. Lamba woyendetsa mpeni amaterereka ndi kutentha monga amacitira lamba wa cigayo akanyowa. Zinyalala zonyowazo zikagona m'beseni, dzimbiri limadya citsulo.

Pali ngozi yinanso. M'Lusaka muli malo ambiri a miyala yobisala m'udzu, ndipo m'malo opanda nyumba anthu amatayamo mabotolo, mawaya ndi zidutswa za njerwa. Nsonga ya mpeni imathamanga kuposa makilomita 250 pa ola limodzi. Mwala wogundidwa ndi mpeni wotere ungathe kuphulitsa diso la mwana amene waima patali kuonerera.

ZIMENE ENA ANAPEZA POYESA

Ku America kuli anthu amene amacotsa mpeni ndi beseni pa makina akale, nawasandutsa tigalimoto ta masewera toyenda m'matope ndi m'nkhalango. Ambiri a iwo amasankha makina a magiya, namanga difu kuti magudumu onse awiri azungulire pamodzi. Amene amayesa ndi makina a mbale amayamba ndi kuchinga mbaleyo ndi malata kuti madzi asafikeko, ndi kulimbitsa sipuling'i. Zimenezi zimathandiza pa kuwaza kwa madzi, koma makina akalowa m'cithaphwi cofika pa mbale palibe cochinga cimene cingawapulumutse. Anthu amenewo ali pa masewera, ndipo makina akafa amaseka. Mnyamata wa ku Mtendere amene ali ndi ngongole sangaseke nao.

Makina okwerapo alipo a mitundu yinanso. Ena ali ndi bokosi la magiya lotsekedwa, m'mene madzi salowa msanga. Ena amayenda ndi mafuta opopedwa, ndipo ogulitsa amawacha hydrostatic. Amenewa ndi osabvuta kuyendetsa, koma akaonongeka kukonza kwace kumadya ndarama zambiri. Pa malo onyowa a magiya ndiwo amapirira kuposa onse. Koma nawonso ali ndi matayala osalala ndi beseni lotsika, cotero palibe makina ochechera kapinga amene anapangidwira matope.

KUDZIWA NTHAKA

Mlimi adziwa kuti nthaka siifanana. Katondo wa kumtunda amamwa madzi, ndipo dzuwa likawala tsiku limodzi kapena awiri munthu angathe kuyendapo. Makande a kudambo, monga malo otsika a kufupi ndi mitsinje ndi ca ku Kalikiliki, amasunga madzi masabata ambiri ngakhale pamwamba paoneke pouma. Woyendetsa wanzeru amayesa nthaka ndi cidendene. Akaponda zolimba, cidendene nicilowa, kapena madzi naoneka m'mbali mwa nsapato, malowo sali okonzeka.

Makina olowetsedwa pa nthaka yofewa amasiya mikwasa yozama. Mwini bwalo amene analipira kuti pakhale pokongola adzapeza ngalande ziwiri pakati pa kapinga wace, ndipo sadzaitananso wochecha ameneyo. Coipa cina ndi cakuti m'mikwasamo mumaima madzi, ndipo timadzi totere, toomba dzuwa, ndito udzudzu wa malungo umakonda kuikiramo mazira. Munthu amene anaitanidwa kudzacotsa malo obisalamo udzudzu akhala ataukonzera pobadwira.

MALANGIZO KWA AMENE ALI NAO KALE MAKINA A MBALE

1. Asacheche mvula itangogwa kumene, kapena m'mamawa mame asanakamuke. Nthawi yabwino ndi dzuwa litakwera.

2. Asanalize injini ayende pansi bwalo lonse, atole miyala ndi mawaya, ndipo azike timitengo pa malo ofewa kuti awalambalale. Malo amenewo achechedwe ndi cikwakwa.

3. Udzu ukafika m'mawondo, uyambe wagwetsedwa ndi cikwakwa. Makina abwere pambuyo, mpeni utakwezedwa, ndipo adutse kawiri m'malo mwa kamodzi.

4. Makina akatitimira, woyendetsa aimitse mpeni, azime injini, atsike. Aike matabwa kapena nthambi kunsi kwa matayala, ndipo aitane anzace akankhe. Kuonjezera moto ndiko kuocha mpira.

5. Popita ku nchito makina anyamulidwe pa galimoto ya katundu kapena pa ngolo. Miseu ikuruikuru ya ku Mtendere inathiridwa phula, koma tinjira tambiri ta pakati pa nyumba ndi ta dothi, ndipo makina angafe asanafike kumene akachecha.

6. Nchito ikatha acotse waya wa pulagi kuti injini isalire mwangozi, apale udzu wa m'beseni, ndipo apukute mbale ndi nsaru youma. Pa mbale ndi pa mpira pasafike girizi kapena mafuta ngakhale dontho limodzi.

7. Kagudumu ka mpira kena ndi lamba wina zikhale m'nyumba nthawi zonse dzinja lisanayambe.

8. Ana asakwezedwe pa makina ndipo asaime pafupi. Woyendetsa apewe malo otsetsereka onyowa ndi mphepete mwa ngalande, pakuti makina a injini ya kumbuyo ndi opepuka kutsogolo ndipo angathe kudzuka ndi kumgwera.

MALANGIZO KWA AMENE AFUNA KUGULA

"Safunsa anadya phula." Wogula ayambe wafunsa ngati makinawo ndi a mbale, a magiya kapena a mafuta, ndipo asakhutire ndi mau a wogulitsa koma asuzumire yekha kunsi. Aone ngati mpira uli ndi ming'alu kapena dazi, ndiponso ngati mbale iri yokumbika. Akwerepo yekha ndi kuyesa pa kamtunda, pakuti mpira wotha umaonekera pokwera. Koposa zonse afunse ngati kagudumu ka makinawo kamapezeka m'masitolo a m'Lusaka, kapena kayenera kuitanitsidwa kunja kwa dziko. Makina oima mwezi wathunthu m'Januwale kudikira kanthu kakang'ono ataya nchito ya caka.

Gulu lofuna ngongole likhale pansi ndi pensulo. Lilembe mabwalo amene eni ace alonjeza nchito, ndipo pa bwalo liri lonse lilembe ngati ndi losalala, ngati ndi louma msanga, ndiponso ngati galimoto ingafikepo. Liwerenge mtengo wa petulo, wa mayendedwe, wa malamba ndi wonolera mpeni. Likumbukirenso kuti kuyambira Juni kufikira Okotobala udzu sukula, kupatula pa mabwalo othiriridwa, koma ngongole idzafunidwa m'miyezi imeneyonso. Ngati mabwalo ouma ndi osalala ali okwanira kubweza ndarama, makina a mbale angathe kulipindulira gululo. Ngati nchito yambiri iri ya m'chire, m'minda ndi m'madambo, ndarama zomwezo zingagule makina angapo opacika pa phewa, amene safuna njira ndipo amapita kuli konse kumene mwendo wa munthu ungaponde. Anyamata ambiri napeza nchito m'malo mwa mmodzi.

Uphungu ulipo pafupi. Sukulu ya Boma ya zaulimi ya NRDC, imene imaphunzitsa za makina a ulimi, iri mbali yomweyi ya kum'mawa kwa mzinda. Alangizi a zaulimi aliponso, ndipo pa cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Showgrounds, cimene cimacitika cakumapeto kwa Julaye ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, munthu angaone makina a mitundu yosiyana ndi kufunsa mafunso asanagule.

CIKWAKWA SICINATHE NCHITO

Anthu ena amayesa kuti cikwakwa ndi cida ca umphawi. Komatu cikwakwa sicimwa petulo, sicititimira, ndipo cikabuntha tupa limodzi licikonza. Gulu lokhala ndi makina lidzacifunabe m'makona, m'mbali mwa mipanda ndi m'malo onyowa.

Udzu wochechedwa usatenthedwe kapena kutayidwa m'ngalande, m'mene umatseka njira ya madzi ndi kusefukiza nyumba za anansi. Mlimi wa dimba angaphimbire nao mabedi a repu, tomato ndi anyezi kuti cinyontho cisathawe m'cirimwe. Angauunjike pamodzi ndi ndowe kuti ukhale kompositi. Wouma bwino pa mthunzi ungasungidwe kuti mbuzi ndi akalulu adzadye msipu ukasowa. Cotero wochecha wanzeru amapindula kawiri pa bwalo limodzi.

Mau otsiriza ndi awa. Makina a mbale sali oipa. Ali ndi malo ao, ndipo malowo ndi bwalo louma. Mphamvu yao yonse imadzera pa kamalo konga cala, ndipo matope a dzanja limodzi akwanira kuwaimitsa. Munthu wa ku Mtendere amene afuna kudyera makina amenewa ayese nthaka asanakwere, adikire dzuwa, ndipo cikwakwa cace acisunge conola.